Wailesi Siifa Yonse Tsiku Limodzi: Mbiri ya Amisiri a Zoimbira m'Chigwa cha Domasi

Pa msewu wochoka mu mzinda wa Zomba kulowera ku Domasi ndi Liwonde, pa Naisi kapena pa Songani tsiku la msika, si chachilendo kumva nyimbo zikutuluka m'chinthu chimene palibe fakitale ingachivomere kuti n'chake. Kawirikawiri chimakhala chigubu cha mafuta ophikira chobooledwa pamimba, pabowopo patatsekedwa ndi sipika yochotsedwa mu wailesi yakale ya kaseti, yomangidwa ndi tiwaya m'mbali mwake. M'kati mumakhala kabolodi kobiriwira kokhala ndi polowetsa memore khadi kapena fulashi, ndi batire ya njinga yamoto yokulungidwa m'nsanza kuti isamagubuduke. Chogwirira cha chigubucho ndicho chonyamulira. Anthu a sukulu akaona zotere amagawikana pawiri. Ena amaseka, amvekere umphawi ulibe manyazi. Ena amajambula pa foni n'kuika pa Facebook kuti kumudzi kwapezekanso katswiri wobisika. Magulu onsewa akuchiona chigubucho ngati chinthu chongotulukira dzulo, ndipo apo ndi pamene akulakwitsa. Kusonkhanitsa choimbira kuchokera ku zidutswa za mawailesi akufa ndi ntchito ya manja imene ili ndi mbiri yaitali, ndipo gwero lake ndi limodzi m'mibadwo yonse ya makinawa: pafupifupi chilichonse choimba nyimbo chimene chinafika m'midzi ya kwa Malemia chinapangidwira nyumba ya magetsi ndi tauni yokhala ndi sitolo ya zipangizo, ndipo chikawonongeka chimafa mbali imodzi, zina zonse zili moyo.

Nkhaniyi imayambira ku Lusaka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station inapatsidwa udindo woulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Oulutsa analipo, nyimbo za Alick Nkhata zinalipo, koma omvera analibe pomvera, poti mawailesi a nthawiyo anali olemera, okwera mtengo, ndipo ambiri ankafuna magetsi a m'nyumba. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anazungulira makampani a ku Britain kufunafuna woti apange wailesi ya batire yotsika mtengo, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Wailesi imene inatuluka mu 1949 inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special, chifukwa chigoba chake chinali sefuliya ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wa buluu, mabowo ake atatchingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Choncho wailesi yoyamba imene munthu wamba wa dera lino akanatha kuilakalaka inali kale chiwiya cha kukhitchini chosinthidwa ntchito, ndipo amene anachita zimenezi anali mainjiniya a ku Ulaya. Mtengo wake unali mapaundi 5. Batire yake, chimtolo chimene wailesiyo inkakhalapo pamwamba, inali masheleni 25 ndipo inkatha pakapita maola pafupifupi 300. Mabatire anayi okha anali kale mtengo wa wailesi ina yatsopano, ndipo n'zosadabwitsa kuti kampani imene inavomera ntchitoyi inali yopanga mabatire. Chaka chomwecho cha 1949 chilala chinagwetsa njala m'chigawo cha kummwera, ndipo boma la atsamunda linayambitsa ku Domasi ntchito yoyeserera chitukuko cha m'midzi motsogozedwa ndi T. D. Thomson, pamalo pamene sukulu ya Jeanes inali itaphunzitsa aphunzitsi kwa zaka pafupifupi 20. M'chaka chotero mapaundi 5 akanawapeza ndi anthu a malipiro okha: aphunzitsi, makalaliki a ku likulu la Zomba, asilikali a ku kampu ya ku Zomba. Kwa ena onse wailesi inali ya mnzawo, yomvera pakhonde la eni, ndipo batire ikatha mudzi wonse unkakhala chete.

M'badwo wachiwiri unabwera m'masutikesi. Amuna obwera ku Joni ndi ku Halale ankafika ndi njinga, mabulangete, ndi gumbagumba yoimba zimbale, ina mwa iyo ya Supersonic yopangidwa ku Bulawayo. Thiranzisita inali italowa m'malo mwa mababu a galasi odya moto wambiri, motero wailesi inayamba kuyendera mabatire a tochi ogulidwa pa golosale. MBC inatsegulidwa mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre inayamba kusonkhanitsa mawailesi amene anafika m'nyumba zambiri za kumudzi. Mu April 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kwawo. Katundu amene anabwera naye anali wa mitundu yosiyanasiyana, opanga ake ali kutali, zipangizo zake kulibe. Gumbagumba ikaduka singano kapena kupsa mota ku Naisi, njira inali kufuna inzake yakufa n'kuisolola chimene chikusowacho. Mmisiri wa mawailesi anabadwira pamenepo, pa khonde la sitolo, mulu wa zigoba uli pambali pake ngati sitolo yake ya zipangizo, akuwotcherera ndi kachitsulo kotenthetsa pa mbaula ya makala. Koma ngakhale amene sanali amisiri anaphunzira kanthu kamodzi. Batire yatsopano ya tochi imapereka mavolti 1.5, ndipo wailesi ya mabatire anayi imafuna mavolti 6. Batire ikafooka siitheratu. Anthu ankaiyanika padzuwa, kenako n'kundandalika zofookazo zisanu ndi zitatu kapena khumi m'nsungwi yong'ambidwa pakati, zomangidwa ndi mphira, mawaya awiri akuchokera ku nsungwiyo kukalowa kumbuyo kwa wailesi. Zikuoneka zazing'ono, koma apa ndi pamene mwini wailesi anayamba kutsegula chimene fakitale inatseka, n'kuzindikira kuti gwero la moto likhoza kukhala kunja kwa chigoba ndipo likhoza kukhala chilichonse bola mphamvu ikwane.

Panali nzeru inanso imene anyamata anali nayo kale asanakhudze waya wa magetsi. Banjo za zitini za mafuta, zingwe zake zochokera ku waya wa mabuleki, zinali ponseponse kummwera. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anayamba kuwajambula mu 1967, ndi Allan Namoko wa ku Thyolo anakulira m'dziko la zoimbira zotere. Wopanga banjo amadziwa ndi khutu kuti chingwe pachokha sichimveka, chimafuna chimimba cha mpweya kumbuyo kwake, ndipo kukula kwa chimimbacho kumasintha mawu. Sipika ili chimodzimodzi. Ikamaimba ili pamtetete, mpweya umene yakankha kutsogolo umathamangira kumbuyo n'kufafaniza mawu a besi, n'chifukwa chake imangolira mopyapyala. Ikaikidwa pakamwa pa mtsuko, pa ndowa kapena pa chigubu, besi imabwerera. Anthu a kumudzi anafika pa mfundo imeneyi podzera ku banjo, ndipo mtsuko wokhala ndi sipika pakamwa unayamba kupezeka pakona pa nyumba kalekale memore khadi isanabwere.

Kaseti ndiyo inakulitsa ntchitoyi kufika pa umisiri weniweni. Philips inaitulutsa mu 1963, ndipo mu 1979 Sony inatulutsa Walkman, yoti munthu mmodzi azimvera yekha m'makutu akuyenda. Kuno chofunika chinali china. Choimbira chonyamula m'manja chinkafunika kuti chipite kumene kuli anthu: ku chinkhoswe, ku ukwati, kotulutsa anamwali, pa mowa wa masese, kudimba. Chinayenera kukhala chopepuka koma chaphokoso, ndipo zinthu ziwirizi fakitale sinkaziphatikiza pa mtengo umene mlimi akanakwanitsa. Vuto lina la kaseti linali kuchuluka kwa zoyenda m'kati mwake. Muli mota, lamba wa mphira, kagudumu kopanikiza tepi, ndi hedi yowerenga, ndipo zonsezi zimadana ndi fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa October. Lamba ankatamuka kapena kusungunuka, mmisiri n'kudula wina ku chubu cha njinga. Akalakwitsa kunenepa kwake pang'ono, woimba ankamveka ngati akuthamangitsidwa kapena waledzera. Tepi ikatafunidwa ankaidula n'kuilumikiza ndi selotepi. Kubweza kaseti m'mbuyo ndi bolopeni kunali kusunga batire, chifukwa mota inkadya moto kuposa mbali ya wailesi. Pofuna phokoso lokwanira bwalo, amisiri anayamba kutenga choimbira kaseti cha m'galimoto yakufa, kuchikhomera m'bokosi la matabwa pamodzi ndi masipika a wailesi ina, n'kuchipatsa batire ya galimoto ya mavolti 12, imene inkakwera njinga kupita ku tauni kukatchajidwa. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, nyimbo za kuno zinasefukira, zambiri zojambulidwa ku Balaka kwa Paul Banda, ndipo makaseti a O. G. Issa wa ku Limbe anafika m'misika yonse. Nyimbo zikachuluka, makina oimbira amatha msanga, ndipo zigoba zinaunjikana.

Chimene chinasintha m'zaka za m'ma 2000 ndi chakuti gawo lovutitsa lija linatheratu ntchito. Nyimbo zinasamukira mu memore khadi ndi mu fulashi, zimene zilibe lamba kapena mota, ndipo ku China kunayamba kuchokera timabolodi totsika mtengo towerenga nyimbo za MP3, tina tokhala ndi FM ndi Bluetooth. Wailesi ya kaseti imene inaikidwa pansi pa bedi chifukwa cha mota inali ikadali ndi ampulifaya yamoyo ndi masipika abwino. Mmisiri amangochotsa chitseko cha kaseti, kuika kabolodiko pamalopo, n'kulumikiza mawaya ake pamene mawu amalowera ku chokwezera voliyumu. Izi zimatheka chifukwa sipika sinasinthe kwenikweni kuchokera pamene Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric anaifotokoza mu 1925: maginito, waya wokulungidwa, ndi pepala lonjenjemera. Sipika ya m'ma 1980 siifunsa kuti nyimbo yachokera pa tepi kapena pa foni. Mbali ya moto nayo yapeza magwero atsopano: batire ya foni yakufa ya mavolti 3.7, timabatire tozungulira ta m'kati mwa laputopu, batire ya njinga yamoto ya kabaza, ndi kasola kakang'ono padenga. Kalembera wa 2008 anapeza wailesi m'nyumba pafupifupi 64 pa 100 zilizonse m'Malawi. Wa 2018 anapeza pafupifupi 34, pamene foni inali m'nyumba zoposa theka, ndipo zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100. Mawailesi amene anachoka m'chiwerengerocho sanapite kudzala onse. Foni inatenga ntchito yosunga nyimbo ndi yogwira siteshoni, koma kasipika kake sikangavinitse anthu asanu, ndipo malo otsalawo anadzazidwa ndi zidutswa za mawailesi omwewo.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kukometsa umphawi, kuti munthu wokhala ndi ndalama sangasankhe chigubu. Mbali yoyamba ya mawuwa ndi yoona ndipo palibe chifukwa choibisira: wopanga chigubu akapeza ndalama amakagula sipika ya m'sitolo tsiku lomwelo. Koma umphawi umangofotokoza chifukwa chimene munthu sakugulira chatsopano. Sufotokoza kumene wadziwira kuti kabolodi ka mavolti 5 kakapatsidwa mavolti 12 kapsa, kapena kuti kapasita yofufuma pamutu ndiyo ikuliritsa wailesi ngati njuchi. Amphawi ndi ambiri, odziwa izi ndi ochepa, ndipo ochepawo anaphunzira kwa wina, ataima pambali pa benchi kupatsira sikuludiraiva, kapena atawononga mawailesi angapo a abale awo. Kulakwitsa kwa mbali inayo, kotama katswiri mmodzi wogwa kumwamba, kumabisa zomwezo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anadziwika padziko lonse atalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo anayenera kutchuka. Koma buku lake la mu 2009 limafotokoza lokha kuti asanaganize za makina a mphepo, iye ndi msuweni wake Geoffrey anali okonza mawailesi a m'mudzi, otola mabatire otayidwa pa malo a malonda, owotcherera ndi waya wotenthetsa pamoto. Chinthu choyamba chimene makina ake aang'ono anapatsa moto chinali wailesi. Mu 2009 Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, wa zaka 21, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo pa siteshoni yake ya Pachikweza, imene anaisonkhanitsa kuchokera ku mawailesi akale, choimbira kaseti ndi mabatire. Khoti linamulamula kulipira K50,000 kapena kukakhala kundende miyezi 10, ndipo anthu akufuna kwabwino anamulipirira. Anyamata awiri a zigawo ziwiri, osadziwana, anayambira pa mulu umodzimodzi wa zigoba. Nyuzipepala zinaona anthu awiri, pamene chimene chinalipo ndi sukulu yopanda dzina imene ili pa msika uliwonse.

Chotsutsa champhamvu kuposa chija cha umphawi n'chakuti palibe chimene mmisiriyu wapanga: kabolodi n'ka ku China, sipika ndi ya ku Japan, batire ndi ya ku India, iye wangolumikiza. Yankho lake lili m'mbiri yomwe ija. Saucepan Special inali kulumikiza zipangizo zodziwika kale m'sefuliya, ndipo fakitale ya Nzeru inkasonkhanitsa zipangizo zochokera kunja; palibe amene anakana kuti kumeneko kunali kupanga mawailesi. Makampani ambiri a mayina otchuka masiku ano nawonso sapanga okha tizipangizo ta m'kati mwa katundu wawo. Luso la wosonkhanitsa lili pa kusankha ndi kugwirizanitsa, ndipo wa pa Naisi amachita zimenezi movutikira kuposa wa m'fakitale, chifukwa zipangizo zake sizinapangidwe kuti zikumane, zilibe mapepala, ndipo chilichonse chili ndi chilema chake chimene ayenera kuchipeza yekha. Pamene chotsutsachi chikunena zoona ndi pa malire a ntchitoyi. Kwa zaka zonsezi umisiriwu wakhala ukudalira zotsala za mafakitale a ena, ndipo sunakwere n'kufika popanga ngakhale thiranzisita imodzi. Mlandu umenewo sungagwere munthu wa pa khonde la sitolo. Boma la Zomba lili ndi sukulu ya ntchito za manja ku Nasawa ndi yunivesite ku Chirunga, TEVETA yakhalapo kuyambira mu 1999, ndipo mtunda wa pakati pa benchi ya pa msika ndi makalasi amenewo ndi wautali kuposa mmene mapu amaonetsera.

Pali zinthu ziwiri zimene wokonda ntchitoyi sayenera kuzizemba. Choyamba ndi oimba. Nthawi ya kaseti, ngakhale kukopera mozemba kunalipo, woimba ankagulitsa chinthu chogwirika, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992, inali ndi poika chizindikiro chake. Memore khadi yodzazidwa kwa obena nyimbo pa ndalama zochepa imanyamula zimbale mazana, woimba osaonapo kanthu. Chigubu chilibe mlandu pa izi kuposa foni kapena sipika ya m'sitolo, zonse zimadya khadi imodzimodzi, koma ndi zoona kuti kutsika mtengo kwa kumvera kwalipiridwa ndi oimba, ndipo lamulo la 2016 lokhudza umwini wa zaluso linabwera msika utasintha kale. Chachiwiri ndi ngozi. Batire ya tochi ikatha inkangotuluka madzi oyera n'kudya chitsulo. Batire ya foni ikatchajidwa molunjika kuchokera ku sola popanda choletsa, imafufuma ndipo ikhoza kuyaka, m'nyumba ya udzu usiku. Utsi wa mtovu wowotcherera ndi asidi wa batire ya njinga yamoto si zinthu zoseweretsa ana. Nzeru za nthawi ya nsungwi, zoti onjezera batire ina mpaka ilire, n'zoopsa zikagwiritsidwa ntchito pa mabatire a masiku ano, ndipo apa ndi pamene kuphunzira koonera kokha kumaperewera.

Ambiri amaganiza kuti chimene chidzaphe ntchitoyi ndi masipika otsika mtengo a ku China amene adzaza m'misika. Sizikuoneka choncho. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo kugwa kulikonse kumakweza mtengo wa chatsopano n'kubwezera anthu kwa mmisiri. Komanso masipika amenewa amafa msanga, nthawi zambiri pa batire kapena polowetsa chaja, n'kukagwera pa benchi yomweyo. Choopsa chenicheni ndi kapangidwe ka zinthu zatsopanozo. Wailesi ya m'ma 1980 inali yomanga ndi masikuluu, tizipangizo take tili ndi miyendo yooneka ndi maso, toti kachitsulo ka pa mbaula kakhoza kutichotsa kamodzikamodzi. Za lero n'zomatidwa ndi guluu, tizipangizo take n'tating'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo ubongo wake wonse umakwiriridwa pansi pa dontho lakuda la pulasitiki limene silitseguka. Kukonza zotere kumafuna makina ouzira mpweya wotentha ndi magetsi osadukaduka, n'chifukwa chake kukonza mafoni kwakhazikika mu tauni ya Zomba ndi m'malo a malonda amene mawaya a ESCOM anafika, pamene kumudzi kwatsala ntchito ya sipika, bokosi ndi batire. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza opanga katundu wina kuti azitheka kukonzedwa, koma katundu wotsika mtengo amene amafika pa Songani sapangidwira msika umenewo. Masipika a maginito olemera ndi maampulifaya olimba amene amisiri akudalira lero anachokera m'mawailesi a zaka 30 kapena 40 zapitazo, ndipo palibe fakitale ikupanganso otero pa mtengo wa munthu wamba. Mnyamata amene akuyamba kuphunzira chaka chino adzatsegula zinthu zambiri kuposa amene anamuphunzitsa, matochi a sola, machaja, masipika a Bluetooth, koma m'chilichonse adzapezamo zochepa zoti n'kuchotsa zikadali zamoyo.